Madzi Akamachita Mbuu M'thanki ya Makorali: Kufufuza Vuto la Masefa ku Lusaka

Pali dandaulo limene silitha pakati pa anthu ochepa amene timaweta nsomba za m'nyanja ya mchere ndi makorali, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala kapena zomera, mu mzinda uno wa Lusaka. Madzi amayera mbee kwa masiku awiri kapena atatu, kenako amayamba kuchita mbuu, sokosi yosefera, yomwe ndi thumba lansalu logwira litsiro, imasefukira, ndere zimamera pagalasi, ndipo munthu akayeza madzi amapeza kuti nitrate, chinthu chimene chimatsalira m'madzi litsiro likawola, wakwera ngakhale kuti sefa ikugwira ntchito usana ndi usiku. Ambiri akafika pamenepa amaganiza zoitanitsa chida china chodula kuchokera ku Johannesburg. Ine ndimawauza kuti ayambe adikira, chifukwa kawirikawiri zida amakhala nazo zokwanira, koma ntchito yeniyeni ya sefa ndiyo amakhala asanaimvetse.

Sefa yogwira tizidutswa, kaya ndi sokosi, thonje kapena siponji, sichotsa litsiro m'madzi, imangolisonkhanitsa pamalo amodzi. Ndowe za nsomba, zotsala za chakudya ndi zonanda zimene makorali amatulutsa zikakodwa m'nsalu zimakhala zidakali m'madzi omwewo, ndipo madzi onse a m'thanki amadutsa pa izo kangapo pa ola lililonse. Pa kutentha kwa madigiri 25 kapena 26 kumene makorali amafuna, mabakiteriya sachedwa kuziwoletsa n'kuzisandutsa ammonia, kenako nitrite, pomaliza nitrate, kwinaku phosphate, chinthu china chochokera m'litsiro lowola, naye akusungunukira m'madzi. Litsirolo limachoka m'thanki tsiku limene mwatulutsa nsaluyo ndi manja anu, ndipo pafupifupi vuto lililonse limene ndifotokoze pansipa limachokera pa kuiwala zimenezi.

Yambani mwadziwa chimene chavundula madzi

Musanakhudze sefa, tungani madzi a m'thanki m'tambula yagalasi, muiike papepala loyera pafupi ndi zenera, ndipo mudikire mphindi khumi. Madziwo akayera kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndiye kuti munali timathovu ta mpweya basi, osati litsiro. Pano izi zimachuluka mu Sepitembala ndi Okutobala, pamene kunja kwauma ndiponso kwatentha: madzi amauluka msanga, chipinda chomaliza cha sump, yomwe ndi thanki yapansi yosungiramo zida, chimaphwa, ndipo pampu yobwezera madzi imayamba kukoka mpweya n'kuumwaza m'thanki yonse. Mankhwala ake ndi kuthiramo madzi opanda mchere odutsa m'makina oyeretsera madzi otchedwa RO/DI kufikira pamzere wake. Musathiremo madzi amchere, popeza mchere suuluka, ndipo kuchuluka kwake kuyenera kukhala pa 35 ppt, kutanthauza magawo 35 pa magawo 1,000 alionse a madziwo, kapena 1.026 pa chida choyezera.

Madzi akakhalabe ngati athiridwa mkaka, pali zinthu ziwiri zoganizira. Choyamba ndi kuswana kwadzidzidzi kwa mabakiteriya, kumene kumachitika nsomba ikafera kuseri kwa miyala, mukadyetsa mopitirira muyezo, kapena thanki ikakhala yatsopano. Bakiteriya mmodzi amakhala wa micron imodzi kapena ziwiri (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pamene mabowo a sokosi ndi a ma micron 100 kapena 200, choncho amadutsa ngati udzudzu pazenera lotsegula. Apa fufuzani chimene chikuwola, muchepetse chakudya, muonjezere mpweya m'madzi, ndipo ngati muli ndi nyali ya UV yophera tizilombo ta m'madzi muiyatse. Chachiwiri ndi laimu wa calcium carbonate amene amagwa m'madzi munthu akathira mankhwala a calcium ndi a alkalinity, amene makorali amamangira zigoba zawo, nthawi imodzi pamalo amodzi, kapena akathira madzi pamchere m'malo mothira mchere pang'onopang'ono m'madzi. Madzi obiriwira ndi ndere zoyandama zazing'ono kwambiri, zomwenso sokosi singazigwire, pamene madzi achikasu ndi zinthu zosungunuka zimene zimachotsedwa ndi makala osefera madzi a activated carbon. Sefa yogwira tizidutswa ili ndi mlandu pokhapokha ngati mwaona matope ofiirira atadikha pansi pa tambula ija.

Sokosi yosefukira

Sokosi ndi thumba lansalu lokhala ndi mkombero wapulasitiki wa mainchesi 4 kapena 7, limene limapachikidwa pamene madzi ochokera m'thanki amagwera mu sump. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, kotero sokosi ya ma micron 200 ili ndi mabowo a gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Ilipo yansalu yokhuthala ngati bulangete, ndipo ilipo yaukonde wa nayiloni. Yokhuthalayo imayeretsa madzi bwino koma imatsekeka msanga ndipo kuchapa kwake n'kovuta, pamene yaukonde imatsukika pampope m'mphindi zochepa ngakhale kuti imalola litsiro losalala kudutsa.

Sokosi ikamasefukira pasanathe tsiku limodzi, musathamangire kunena kuti thanki ndi yauve. Yang'anani kaye kuchuluka kwa madzi amene pampu ikuzunguza. Kudzera mu sump n'kokwanira kuti madzi a m'thanki adutse katatu kufika kasanu pa ola, kutanthauza kuti thanki ya malita 300 imangofuna malita 900 kufika 1,500 pa ola. Mafunde amphamvu amene makorali amafuna ndi ntchito ya timapampu ta m'kati mwa thanki, osati pampu yobwezera. Madzi akachuluka kuposa pamenepo, sokosi imodzi ya mainchesi 4 imadzadza idakali yoyera. Madzi akakhala pamuyezo koma kusefukira n'kumapitirira, sinthani kuchoka pa ma micron 100 kupita pa 200, kapena mupachike masokosi awiri.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi sokosi yochapidwa imene ikuoneka yoyera koma ikutsekeka ngati yakale. M'kati mwa ulusi wake mumakhala mutamatirira zonanda ndi laimu zimene madzi okha sangachotse. Madzi a mu Lusaka, makamaka a m'zitsime zokumba ndi makina, amachokera m'miyala ya laimu imene mzindawu wakhalapo, ndipo ndi omwewo amene amasiya chikanga choyera m'ketulo. Sokosi yochapidwa ndi kuyanikidwa kambirimbiri m'madzi otere imauma gwa ngati chikopa. Inyikeni usiku wonse m'madzi osakaniza ndi viniga woyera kapena citric acid, ndipo ikapanda kufewa itayeni.

Kachapidwe koyenera ndi aka. Tembenuzani sokosiyo kuti m'kati mukhale kunja, muchotse litsiro ndi madzi othamanga, ndipo muinyike kwa maola angapo m'chidebe cha malita 10 momwe mwathiramo pafupifupi mamililita 100 a Jik wamba, wopanda fungo lowonjezera. Kenako tsukuluzani katatu kapena kanayi, muyanike kufikira itauma kotheratu moti fungo la klorini lisamvekenso. Sopo asakhudzeko, ngakhalenso mankhwala ofewetsera zovala, ndipo chidebe chochapira masokosi chikhale chakechake chosagwira ntchito ina pakhomo. Pamene zovala zimachapidwa ndi munthu wina, mufotokozereni bwino, chifukwa kwa iye sokosi yopanda sopo ndi sokosi yosachapa, ndipo adzafuna kukuthandizani. Viniga ndi Jik musaziphatikize m'chidebe chimodzi, popeza zikakumana zimatulutsa mpweya wa klorini umene ndi woopsa kuupuma. M'miyezi ya mphepo ndi fumbi, kuyambira Ogasiti, yanikani m'nyumba.

Sokosi iyenera kusinthidwa pa masiku awiri kapena atatu aliwonse, ngakhale isanasefukire. Popeza imatenga nthawi kuti iume, mufunika kukhala ndi masokosi osachepera asanu ndi limodzi. Amene akudziwa mumtima mwake kuti sangakwanitse ndondomeko imeneyi, ndi bwino aichotse ndithu, chifukwa sump yopanda sokosi imene mumaipopa litsiro kamodzi pa mlungu imaposa sokosi imene yakhala masiku khumi ikuwola.

Thonje, siponji ndi kanisitala

Kwa ife okhala kutali ndi nyanja, kumene katundu aliyense wa ntchitoyi amayenda ulendo wautali kudzera ku Chirundu kapena ku Kazungula, thonje la poliyesita ndilo ndimalikonda koposa. Mumaika chidutswa m'kapu yobowola pansi imene imakhala pamalo a sokosi, ndipo chikada mumangochitaya. Palibe zochapa, palibe Jik, palibenso chifukwa chozengereza. Thonje loika m'mapilo limene limapezeka m'masitolo a nsalu ku Kamwala lingagwire ntchito, koma chenjerani, chifukwa lina limathiridwa mankhwala oletsa moto kapena ophera nkhungu, ndipo mankhwala otere angaphe makorali ndi nkhono. Ngati wogulitsa sakudziwa ndipo papepala palibe chimene chalembedwa, lisiyeni mugule lopangidwira nsomba. Thonje lenileni la m'munda siliyenera chifukwa limawola. Musalipanikize kwambiri m'kapu, apo ayi madzi amangolambalala pamwamba.

Ambiri mwa ife tinayambira pa nsomba za m'madzi opanda mchere, mbuna za ku Nyanja ya Malawi kapena nsomba za ku Tanganyika zochokera ku Mpulungu, ndipo kumeneko tinaphunzira kuti siponji yakale ndi chuma chifukwa ndimo mumakhala mabakiteriya othandiza. M'thanki ya makorali chiphunzitso chimenecho chimasocheretsa. Ntchito ya mabakiteriya imachitika kale m'miyala ndi mumchenga, ndipo mbuna zimapirira nitrate amene makorali olimba a nthambi sangamupirire. Oweta ambiri amayesetsa kuti nitrate akhale pakati pa 1 ndi 10 ppm (ppm ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni), ndipo phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Ngati manambala anu akukwerabe mutakonza za sokosi, fufuzani masiponji obisika: pakamwa pa pampu yobwezera, pakati pa magalasi ogawa zipinda za sump, ndi potulukira madzi a skimmer, makina ochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu. Amenewa amaiwalika miyezi yambiri. Afinyeni mlungu uliwonse kapena muwachotse.

Kanisitala, sefa yotsekedwa ngati mgolo yokhala pansi pa thanki, ili ndi vuto lomwelo koma lokulirapo chifukwa litsiro lake silioneka ndipo kuitsegula ndi chintchito. Ingathandize pa thanki yopanda sump ngati mukuitsegula mlungu uliwonse mosaphonya. Ndionjezere kuti nitrate wina sachokera m'masefa konse. M'madera ena a mzinda uno, kumene zimbudzi zokumba zili pafupi ndi zitsime, madzi a pansi pa nthaka amakhala kale ndi nitrate wambiri. Yezani madzi otuluka m'makina anu a RO/DI, ndipo chida cha TDS, choyeza zinthu zosungunuka m'madzi, chikaonetsa nambala yoposa ziro, sinthani zosefera za makinawo musanadzudzule sokosi.

Mpukutu umene ukutha msanga

Makina a mpukutu, monga ReefMat ya Red Sea kapena ClariSea, amagwira ntchito ya sokosi popanda munthu. Madzi amadutsa pansalu yopyapyala, nsaluyo ikatsekeka madzi amakwera n'kukhudza kachida kozindikira, ndipo injini yaing'ono imakulunga mbali yakuda kunja kwa madzi n'kubweretsa yoyera. Pa masefa onse ogwira tizidutswa, iyi yokha ndiyo imatulutsadi litsiro m'madzi lisanawole. Vuto lake lofala ndi mpukutu kutha m'masiku ochepa pomwe umayenera kukhala milungu ingapo. Onani mbali imene yakulungidwa kale: ikakhala yofiirira ndiye kuti makinawo akugwira ntchito yake ndipo thanki ndiyo ili ndi litsiro lambiri, zimene zimachepa pakapita milungu yoyambirira. Ikakhala yoyera, ndiye kuti madzi akuchuluka kuposa mphamvu ya makinawo, kapena kachida kozindikira kamatidwa ndi mchere ndi ndere, kapena madzi a mu sump akwera kupitirira mzere wa wopanga. Musanagule, werengerani mtengo wa mipukutu ya chaka chonse pamodzi ndi zolipira poitanitsa, chifukwa makinawa akasowa mpukutu amangokhala bokosi lotsekereza malo.

Magetsi akazima

Apa ndi pamene malangizo olembedwa ku Ulaya kapena ku America satithandiza mokwanira. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, nyumba zambiri mu Lusaka zinkalandira magetsi maola ochepa okha pa tsiku, ndipo ngakhale m'zaka zabwino kuzima kwa maola angapo si kwachilendo. Kuwonjezera apo, mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamlingo wa nyanja, kotero madzi athu amasunga okosijeni wocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri poyerekeza ndi thanki yofanana nayo ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Madzi amchere otentha amasunga kale mpweya wochepa. Sefa yodzadza litsiro ikaima, mabakiteriya ake amamaliza msanga okosijeni wa m'menemo, ndipo pakapita maola ena amayamba kutulutsa hydrogen sulfide, mpweya wapoizoni wonunkha ngati dzira lowola. Magetsi akabwera pakati pa usiku, pampu imakankhira madzi onsewo kwa nsomba inu muli m'tulo.

N'chifukwa chake anthu ena amadabwa kuti nsomba zapirira maola khumi a mdima koma zafa magetsi atabwera. Magetsi akazima ndipo mukuona kuti achedwa, tulutsani sokosi kapena thonje nthawi yomweyo. Kanisitala izuleni kusoketi ndi kutseka mavalavu ake, ndipo musaiyatsenso musanataye madzi ake ndi kutsuka zam'kati. Ngati masiku ozimitsa magetsi akudziwika, ikani thonje latsopano madzulo a dzulo lake. Mphamvu yochepa ya batire, inverter kapena sola muipereke choyamba kwa kapampu kamodzi kogwedeza pamwamba pa madzi a m'thanki, chifukwa mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwambapo, ndipo kusefa kungathe kudikira.

Palinso zovuta ziwiri zimene zimabwera ndi kukwera kwa madzi mu sump. Pampu ikaima, madzi a m'mapaipi ndi a pamwamba pa thanki amatsikira pansi. Ngati makina a mpukutu mwawalumikiza ku inverter koma pampu ayi, madzi okwerawo angakhudze kachida kozindikira, ndipo mpukutu wonse ungakulungike usiku umodzi udakali woyera. Lumikizani ziwirizi kumalo amodzi kuti zizizima pamodzi. Nayo skimmer ikayaka madzi adakali okwera imafufuma n'kubwezera m'madzi zonyansa zonse za m'kapu yake, choncho igulireni kachida kochedwetsa kuyaka ndi mphindi zisanu, kapena muziizula magetsi akangozima. Kamodzi pa mwezi, zimitsani dala pampu muli pomwepo kuti muone ngati sump ikukwanitsa kulandira madzi onse obwerera, ndiponso ngati kabowo koletsa madzi kukokedwa chambuyo, kamene kali papaipi yobwezera, sikanatsekedwe ndi ndere.

Skimmer yosatulutsa thovu kapena yofufuma

Skimmer si sefa yansalu, koma imagwira ntchito limodzi ndi masefa, ndipo mavuto awo amalowana. Imasakaniza madzi ndi timathovu tambirimbiri timene timanyamula zonyansa kupita nazo m'kapu. Ikafufuma mutangoika sokosi yatsopano kapena yochapa, ndiye kuti m'nsalumo munatsalira mankhwala a kufakitale, sopo kapena Jik, ndipo muyenera kuitulutsa n'kuitsukuluzanso. Thovu likagwa kwa ola limodzi mutadyetsa kapena mutalowetsa dzanja m'madzi, palibe chodandaula, ndi mafuta chabe. Koma likachepa kwa masiku angapo, chotsani kapaipi kolowera mpweya muone ngati katsekedwa ndi mchere wouma ndi fumbi, zimene zimachitika kawirikawiri m'chilimwe chathu. Madzi ofunda ndi viniga amatsegula. Kumbukiraninso kuti chilichonse chili mumpweya wa m'chipindamo skimmer imachilowetsa m'madzi, kaya ndi utsi wa mbaula m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye kapena mankhwala opopera udzudzu, omwe ndi poizoni kwa nkhanu ndi tizamoyo tina ta m'thanki. Tsiku lopopera m'nyumba izimitseni ndi kufunditsa thanki.

Sefa ili yoyera koma thanki ili yakuda

Nthawi zina thonje limatha masiku anayi lili loyera pomwe miyala yakutidwa ndi matope ofiirira. Apa litsiro silikufika kusefa. Sinthani kumene timapampu ta mafunde taloza kuti pasakhale ngodya imene madzi aima, ndipo kamodzi kapena kawiri pa mlungu uzirani miyala ndi sirinji yaikulu kuti matope adzuke. Madzi adzada kwa ola limodzi, ndipo m'mawa mwake mutaye thonjelo. Mchenga wosalala ukamaululuka, kwezani kapampuko kapena mukalozetse m'mwamba pang'ono.

Kusefa kungathenso kupitirira muyezo, makamaka pamene mpukutu ndi skimmer yaikulu zikugwira ntchito pamodzi m'thanki ya nsomba zochepa. Makorali amadya tizidutswa toyandama, ndipo nsomba ya mandarin imadalira tizilombo ta copepod timene nsalu yosalala imatikola. Mukaona makorali akutuwa, nitrate ndi phosphate zili pa ziro, ndipo pamchenga pakuoneka utoto wofiirira wonanda wokhala ndi timathovu umene umachuluka masana n'kuchepa usiku, mwina ndi ma dinoflagellate, mtundu wa ndere zazing'ono kwambiri, amene amakonda madzi osowa chakudya ndipo ndi ovuta kuwathetsa kuposa ndere wamba. Zikatero tsegulani njira yolambalala ya makina a mpukutu kuti madzi ena asasefedwe, muzimitse skimmer maola angapo pa tsiku, ndipo muonjezere chakudya pang'onopang'ono. Pothira chakudya cha makorali imitsani pampu yobwezera kwa mphindi 15 kapena 20, koma mutchere alamu pafoni kuti musaiwale kuiyatsanso.

M'thanki yanga ndinasiya masokosi okhuthala. Ndimagwiritsa ntchito kapu ya thonje imene ndimasintha Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka, komanso nthawi iliyonse magetsi akazima kupitirira maola atatu. Sokosi imodzi ya ma micron 100 ndimaisunga m'kabati, ndipo ndimaipachika usiku umodzi wokha ndikauzira miyala kapena ndikasintha madzi, n'kuichotsa m'mawa ndisanapite kuntchito.